Zopondera za zigamba za ku Kawale: n'zabwino, koma musagule ndi maso okha

Ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, kuli amayi ena amene amaluka zopondera ndi zidutswa za nsalu, ndipo Loweruka masana amaphunzitsa aliyense wofuna. Shopu alibe. Ntchito yonse imachitikira pakhonde pawo, makina osokera ali pakona, matumba a mapisi ataunjikana mpaka pawindo. Ine ndagulako zopondera zawo, ndakhala nawonso pa maphunziro awowo, ndiye ndiyankhulapo pa zonse ziwiri.

Chomwe anthu amachikonda kwambiri ndi chija chamanyenje, chofewa kumapazi. Amatenga thumba la feteleza la makilogalamu 50, kulitumbula, kulichapa, n'kupinda m'mphepete monse pa makina kuti lisamasuke. Kenako amadula nsalu tizidutswa, mulifupi zala ziwiri, mulitali ngati masentimita 10. Kachidutswa kalikonse amakalowetsa pa maso a thumba ndi kawaya kopinda kunsonga, n'kumanga mfundo. Kawayako si kogula ayi, ndi sipoko ya njinga imene anawasulira wokonza njinga wa pafupi pompo. Mukatembenuza chopondera chawo kumbuyo mudzaona mizere yowongoka, yothithikana, moti thumba lenilenilo silioneka. Pamenepo ndi pomwe amasiyana ndi zambiri zoyenda nazo mumsewu, zomwe ukaphanyula nsalu ndi chala umapeza mipata ya thumba loyera.

Amalukanso china cha zingwe zitatu ngati tsitsi la mwana wasukulu, n'kuchizunguliza ndi kusoka mpaka chikhale chozungulira. Chimenecho n'cholimba koma n'chouma, sichipukuta matope. Ikani pambali pa bedi basi.

Tsopano nkhani ya nsalu, chifukwa apa m'pamene ndalama yanu ipindule kapena ilowe m'madzi. Pakhonde paja diso limathamangira cha zitenje. Maluwa ake, kufiira kwake, chikasu chake, n'chokongola ndithu. Nditachinyamula amayiwo anandiuza mosabisa kuti, "Achemwali, chimenecho n'cha kuchipinda. Ngati n'cha pakhomo polowera ana ndi matope, tengani cha matisheti." Ndinatenga zonse ziwiri, ndipo mawu awo anapherezera. Chitenje ukachidula, ulusi wa m'mphepete umayoyoka, ndiye miyezi yoyamba tsache limangotola timaulusi m'nyumba monse. Nsalu ya tisheti ndi yoluka, siyoyoka, ukaikoka imangodzipinda yokha. Komanso zitenje zotchipa zambiri masiku ano n'zanayiloni, madzi sizimwa. Mwana akachoka kosamba n'kupondapo, madzi amangodutsa n'kukakhala pansi. Tisheti ya thonje imamwa madzi, imagwira fumbi lofiira lathu lino la mu Okutobala, ndipo ukaikuntha pa mtengo fumbilo limachoka.

Cha zitenjecho chinasulukanso pochichapa koyamba. Utoto wofiira unalowerera pa tinsalu toyera, mpaka lero tili ndi mawanga. Apa ndiye ndikuwadandaula, chifukwa mapisi akanayamba awanyika m'madzi asanaluke. Nditawauza anavomera kuti akakhala ndi maoda ambiri sachapa. Mukamaoda, nenani poyera kuti mukufuna nsalu zochapa kale.

Vuto lina ndi thumba lija. Pa simenti ya kobira kapena pa matailosi limaterera, ndipo ngati muli ndi agogo pakhomo si nkhani yoseka. Mukapempha amasokerera tizidutswa ta chubu cha galimoto m'makona anayi, mumawonjezerako pang'ono, koma paokha sayamba kukuuzani. Thumba la feteleza silimvananso ndi dzuwa. Mukalisiya panja miyezi yotentha yonse limafumbutuka, mfundo n'kuyamba kuzuka. Chiguduli, m'malo mwa thumba la feteleza, chimagwira pansi bwino, koma chikamanyowa kawirikawiri chimawola, ndipo kuchipeza masiku ano ndi mwayi. Ndiye chopondera chimenechi malo ake ndi m'kati mwa chitseko kapena pakhonde la mthunzi. Pochapa ingochinyikani m'beseni ndi sopo wa ufa, muchipondeponde, muchiyanike chozondoka pa chingwe. Osachimenyetsa pa mwala.

Mtengo ndinauona kuti ndi woyenera. Chapakati sichinafike pa mtengo wa chitenje chabwino chimodzi, ndipo mukadziwa masiku amene chimadya simunganenerere kwambiri. Amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Akukuuzani kuti mubwere Lachisanu, inu muziwerengera Lachisanu linalo. M'dera mukagwa maliro ntchito imaima, ndipo foni sayimba kuti akudziwitseni.

Maphunziro aja ndi amene ndinasangalala nawo koposa. Timakhala pamphasa amayi angapo, wina mwana kumsana, wailesi ikulira. Salankhula zambiri. Amakugwira dzanja, kukuonetsa potolera ulusi wa thumba: utole uwiri kapena utatu, chifukwa umodzi umaduka, ndipo uyambire pakati kapena utsate mzere umene ajambula ndi makala, apo ayi chopondera chimapindika ngodya. Mfundo yokha munthu amaidziwa tsiku lomwelo. Chotopetsa ndi kudula. Chopondera chimodzi chimameza nsalu zodzadza thumba, ndipo sizasi ikakhala yobuntha chala chachikulu chimatuluka thuza. Tengani sizasi yanu yakuthwa, pakuti awo ndi ochepa ndipo timachita kulandizana. Akati 2 koloko, musathamange; amayamba akamaliza za pakhomo.

Ali ndi lamulo limodzi lomwe sasintha. Nsalu ya mpingo, ya chipani, kapena iliyonse yokhala ndi nkhope ya munthu, pa chopondera siyifika. Mtsikana wina anabwera ndi zotsala za nsalu ya msonkhano wa kutchalitchi kwawo, iwo anangoiika pambali n'kunena kuti, "Mwanawe, mawu a Mulungu sitipukutira mapazi." Za chipani ananena moseka kuti safuna kuswedwa mawindo.

Amakuuzaninso kopeza nsalu, zomwe ena amabisa. Mapisi amachokera kwa atelala a m'makonde a ku Old Town ndi a m'misika ya m'madera mwathumu. Kale ankangopereka, ena ankatentha kuseri kwa shopu, koma chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale chigamba chili ndi mtengo. Telala amene mumasoketsa kwa iye nthawi zonse ndi amene angakupatseni ulere. Matisheti ong'ambika, otsalira pansi pa belo, amapezeka motchipa ku kaunjika wa ku msika wa Tsoka, makamaka madzulo ogulitsa akamalongedza. Ngati mwachokera mbali ya msika wa Lizulu, tsidya lina la mtsinje wa Lilongwe, sungani ndalama yowolokera pa timilatho tamatabwa ta pamtsinjepo. Majinzi asiyeni, kawaya sikawakoka, ndipo akanyowa amatenga masiku kuti aume. Nsalu zoterera za madiresi a ukwati nazo mfundo yake imamasuka yokha.

Wofuna chopondera cha mtundu umodzi kapena iwiri, osati chosakaniza, apite nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, pamene atelala amasoka yunifolomu ya anthu ambiri pa nsalu imodzi ndipo zotsala zimakhala zofanana. Ndi nthawi yabwinonso yoodera cha pakhomo, chifukwa mvula ikangoyamba aliyense wa ku Kawale, Biwi ndi Mchesi amakumbukira matope tsiku limodzi, ndipo mzere wa maoda umatalika mpaka Khirisimasi.