Vaiza yoyera ya K150 yomwe ndinagula ku Kapata, patha miyezi 7 ndikuyendera

Poyamba ndinene kuti ine sindine makaniko ndipo palibe wandipatsa ndrama kuti ndilembe izi za vaiza, kapulasitiki koonekera kotchinga kumaso pa helemeti. Ndimangoyenda pa honda yanga ya Boxer tsiku lililonse kupatula pa Sondo, nthawi yokolola ndimazungulira m'midzi kugula soya ndi nshawa za abwana anga, mvula ikayamba ndimanyamula anthu ndi tikatundu m'tauni muno mu Chipata. Ndiye zomwe ndinene pano ndi zomwe maso angawa aona, komanso zomwe zalowamo m'masomo.

Helemeti yanga inabwera ndi vaiza yakuda, ya tinti ija imene imakupangitsa kuoneka ngati munthu wa m'filimu, ndipo sindinama ndinkaikonda. Masana inali bwino zedi. Vuto ndi loti dzuwa likangolowa suona kanthu, ndiye umaikweza m'mwamba nkumayenda maso ali pamtetete. Ndinachita zimenezo pafupifupi chaka chonse osaona cholakwa mpaka Novembala watha. Ndinkachokera cha ku Mtenguleni kubwerera kutauni, mvula yoyamba itangogwa masana ake, kunja kukuchita kununkhira dothi, cha m'ma 18 koloko mdima ukuyamba. Inswa zinatuluka, anthu inu, ngati wina watsegula thumba. Ndipo mukudziwa inswa zimathamangira kuwala, ndiye laiti ya honda yanga inali ngati yaziitana ku phwando. Zina zimamenya pachifuwa, zina pamasaya, kenako imodzi inangoti pha! m'diso lakumanzere. Ndinatsinzina maso onse awiri osafuna, thupi limangochita lokha, ndipo pomwe ndimatsegula lakumanjalo ndinali nditachoka kale patala, tayala lakutsogolo lili m'miyala ya m'mbali. Mulungu yekha, kumbuyo kunalibe loli.

Pambuyo pake ndinakhala pansi nkuwerengera. Ukamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi imodzi umayenda pafupifupi mamita 17. Kutsinzina masekondi awiri chabe ndiye kuti wayenda mamita opitirira 30 uli wakhungu, pa Great East Road, pomwe pamadutsa mabasi a ku Lusaka ndi mathiraki a ku Mwami. Kukiliniki anesi anandiuza kuti phiko linakanda pamwamba pa diso, anandipatsa mankhwala odontheza nkundikalipira kuti ndinalakwa kutikita, akuti kutikita ndi komwe kumakulitsa chilonda. Masiku atatu osagwira ntchito, diso lofiira ngati ndagona ku bala. Madamu kunyumba sananene zambiri, anangoti "bambo a Chisomo, tinti yanu ija yakuthandizani?" Basi mawa lake ndinapita kukafuna vaiza yoyera.

Shopu yoyamba sinditchula dzina koma ndinatulukamo nditakwiya. Kamnyamata kogulitsa kanangotenga vaiza ya K60 pa msomali, kuiyeza pa helemeti yanga mabowo osagwirizana, nkunena kuti "palibe vuto mudala, tiboola ena ndi msomali wamoto." Nditaipinda pang'ono ndi manja inachita mzere woyera pakati ngati ikufuna kuthyoka. Zimenezo ndiye zija zimasweka nkukhala zisonga zakuthwa, mwala ukakumenya m'malo mokuteteza ndi imene ikucheke nkhope. Ndinamubwezera.

Yachiwiri ndi shopu ya masipeya kufupi ndi msika wa Kapata, muli amalume ena achikulire a imvi amene amakhala pampando wapulasitiki pakhomo. Awa ndiye amadziwa ntchito. Asanatulutse chilichonse anati ndiwapatse helemeti, anamasula timasikuluwu ta m'mbali, kuyang'ana kahinji, nkundiuza kuti vaiza ilibe saizi imodzi ngati mmene anthu amaganizira, helemeti iliyonse ili ndi kapindikidwe kake ndi mabowo ake, ndiye ukagula osabweretsa helemeti wataya ndrama. Anayesa zitatu, yachitatu ndi imene inakhala bwinobwino nkumatseka mpaka pa labala ya pansi. Kenako anandituma panja, "mwana wanga vala, uyang'ane pholo ya magetsi iyo uku ukutembenuza mutu pang'onopang'ono, ikamaoneka yokhota kapena ikuvina usagule." Akuti pulasitiki yosaumbidwa bwino imapotoza zinthu, ndipo ndi imene imapweteketsa mutu ukayenda ulendo wautali, iwe nkumaganiza kuti ndi malungo. Pholo inaima chilili. Anayamba ndi K180, tinagwirizana K150, kumanga anandimangira ulere nkundiwonjezera kasikuluwu kamodzi kapadera. Pa kalandiridwe kokha ndikanawapatsa nyenyezi zonse zisanu.

Vaizayi ndi ya polycarbonate, pulasitiki yomwe amapangira magalasi oteteza maso a m'mafakitale, imapindika koma siisweka chisawawa. Izi ndaziyesa osafuna. Mu Meyi ndili pa njira ya girevulo cha ku Chadiza, kanta yodzaza matumba inandipitirira nkuponya mwala, unamenya pa vaiza mpaka khutu kulira, nditaima ndinapeza kachipsera kakang'ono ngati kambewu ka mapira, basi. Mwala umenewo kukanakhala kuti ndakweza vaiza, kapena ndavala timagalasi ta dzuwa ta K20 ta pamsika tija, sindikudziwa kuti bwenzi ndikulemba ndi diso liti.

Usiku ndiye kusiyana kwake nkwakukulu, ndimayenda yotseka mpaka kunyumba, munthu wa njinga yakapalasa wopanda laiti ndimamuonera patali, mbuzi yogona patala ndimaiona. Mu Disembala inswa zinatulukanso kangapo ndipo ndinkangozimva zikuphulika pa pulasitiki, pha pha pha, ine nkumaseka ndekha m'helemeti ngati wamisala.

Koma sikuti zonse ndi zabwino ayi, ndipo apa ndipomwe nyenyezi zikuchoka.

Chachikulu ndi nthunzi. Miyezi ino ya Juni ndi Julayi ukanyamuka 5 koloko mmawa, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ukangopuma kawiri katatu mkati monse mwachita mbuu ngati galasi la m'bafa. Zimachitika chifukwa mpweya wotuluka m'kamwa ndi wofunda komanso wonyowa, ukagunda pulasitiki yozizira umasanduka timadontho. Ukamathamanga zimachepako poti mphepo imalowa, koma ukangoima pa mphambano kapena kuyenda pang'onopang'ono pa mabampu zabweranso. Pa pepala lomwe inabwera nalo analemba kuti anti-fog, kutanthauza kuti siichita nthunzi, koma zimenezo zinagwira mwina masabata awiri oyamba chabe. Chomwe ndimachita, madzulo ndimadonthezera kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale mkati mwake, kupaka ndi chala ponseponse, kusiya kuti aume kenako kupukuta pang'ono ndi kansalu kofewa. Zimandisunga masiku awiri kapena atatu. Ukachulutsa sopo usiku malaiti amaoneka ngati ali ndi utawaleza, ndiye kadontho kamodzi basi. Kwinako ndimangoitsegula kampata kolowa chala. Kuli chinthu china amachitcha Pinlock, kapulasitiki kachiwiri komwe amamangirira mkati mwa vaiza nkusiya mpweya pakati pa ziwirizo kuti nthunzi isagwire, koma chimafuna vaiza yokhala ndi timapini take m'mbali, yangayi ilibe, ndipo amalume aja nditawafunsa anangoseka nkuti za ma helemeti odula izo.

China ndi kukandika, ndipo apa theka la mlandu ndi langa. Sabata yoyamba yomwe ndinkapukuta fumbi ndi mkono wa jekete ndili paulendo, osadziwa kuti fumbi lathu lofiirali ndi mchenga weniweni, ukalipukuta louma zili ngati wapalapo ndi sandipepa. Masana timizere timeneto suona, koma usiku galimoto ikabwera kutsogolo ndi mafulu laiti, kamzere kalikonse kamagwira kuwala ndipo umangoona nyenyezi zokhazokha, msewu osauona. Pano ndinaphunzira, ndimayenda ndi kabotolo ka madzi, kuthira kaye kuti fumbi litsike lokha, kenako kupukuta. Zotsalira za tizilombo zikaumirapo ndimayala kansalu konyowa pamwamba mphindi zisanu, zimafewa nkuchoka zokha osakanda ndi chikhadabo. Ndipo chonde anzanga musayerekeze kupukuta ndi petulo kapena thina, mnzanga wina wa pa siteji yathu anachita zimenezo pofuna kuchotsa guluu wa sitika, vaiza yonse inachita mbuu ndi timing'alu, inathera pomwepo. Za mankhwala otsukira mano zomwe anthu amanena kuti amachotsa mikwingwirima ndinayesa pa vaiza yakale ija, zinangowonjezera.

Kahinji nako kayamba kufooka. Poyamba inkaima paliponse pomwe ndaisiya, pano ndikaitsegula theka nkufika cha m'ma 70 mphepo imaikankhira m'mwamba yokha, ndipo kumanzere kumalira kamluzu kosatha komwe ukafika ku Katete umakamvabe m'khutu ngakhale utavula. Fumbi losalala lija limalowabe pansi pa chibwano, ukatsatira loli pa girevulo umafika nsidze zili zofiira. Pa mvula ilibe vuto lalikulu, ukathamanga pang'ono nkutembenuzira mutu kumbali madontho amatsetsereka okha, koma kamvula kowaza kaja kosakanikirana ndi matope a matayala a galimoto ndiye umayenera kuima ndithu nkutsuka.

Nanga dzuwa? Apa ndiye tinti ija ndimaikumbuka, sindinama. Amene amapita ku Mwami mmawa akudziwa mmene dzuwa limakulasira m'maso, chimodzimodzi ukamalowera ku Katete cha m'ma 17. Vaiza yoyera siithandiza kanthu pamenepo. Ndinaganizapo zoyenda ndi ziwiri nkumasintha koma kumasula masikuluwu m'mbali mwa msewu tsiku lililonse ndani angakwanitse, ndipo ndi mmene amatayikira. Ndiye ndinalowa mu hadiweya nkugula magalasi akuda oteteza maso, aja amavala anthu odula zitsulo ndi galainda, K45. Ndi apulasitiki yolimba yomweyo, ali ndi timikono topyapyala tosapweteka m'makutu mkati mwa helemeti. Masana ndimavala mkati mwa vaiza, dzuwa likalowa ndimavula nkuika m'thumba, vaiza ili chitsekere. Mukamagula yang'anani pa kamkono ngati palembedwa EN166 kapena Z87, ndi zizindikiro za magalasi oyesedwa kuti sasweka chisawawa chinthu chikawamenya. Ma vaiza akuda ambiri abwino amalembedwanso pakona kuti ndi a masana okha, yanga yakale ija nditaiyang'anitsitsa mawuwo analipo, kungoti ndani amawerenga.

Ndinagulanso magalasi ena oyera a mtundu womwewo a wokwera kumbuyo, chifukwa helemeti yachiwiri yomwe ndimapatsa makasitomala ilibe vaiza, inathyoka kalekale. Anthu amaiwala kuti wakumbuyo akasuzumira paphewa pako mphepo ndi fumbi zimamupeza chimodzimodzi. Amayi ena omwe ndimawanyamula ndi tomato wawo kupita ku Saturday Market poyamba ankakana, akuti ndioneka ngati wowotcherera mageti, pano akangokwera amayamba okha, "a Phiri, magalasi anga aja ali kuti?"

Zomwe zimandidabwitsa nzoti pa rodibuloko apolisi kapena a RTSA, bungwe loona za pamsewu, amayang'ana ngati wavala helemeti, laisensi, mapepala a honda, koma sindinafunsidwepo za vaiza ngakhale kamodzi. Ndiye anyamata ambiri m'tauni muno vaiza ikangokandika amaigwetsa nkutaya, ena helemeti amangoikhazika pamwamba pamutu ngati chipewa cha mpira lamba osamanga, maso ali psuu ndi mphepo, misozi ili chuchuchu, akuti tinazolowera. Inenso ndinkanena zomwezo mpaka tsiku la inswa lija. Pa masitika a ECE kapena DOT omwe mumaona kumbuyo kwa helemeti, ECE ndi muyezo wa ku Ulaya, DOT ndi wa ku America, koma sitika aliyense atha kumata, ndiye ine ndimakhulupirira kwambiri kuipinda ndi manja ndi kuyang'ana pholo kuja kusiyana ndi kapepala.

Nyenyezi ndikupereka zitatu ndi theka kwa vaiza, zisanu kwa amalume. Pa K150 yandigwirira ntchito miyezi 7 ya tsiku ndi tsiku, koma panopa mikwingwirima yachuluka moti usiku yayamba kundivutitsa, sindidikira kuti ifike poipa. Kumapeto kwa Ogasiti kuli mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika ndipo sabata imeneyo ndimapanga matiripi ambiri a ku Katete, obwerera usiku, fumbi ndi magalimoto zili thoo, ndiye mwezi uno ukatha ndikatenga ina yomweyi. Ulendo uno ndikanyamula ndi helemeti ya makasitomala ija, amalume anati ndikaibweretse aone ngati ili ndi inzake.