Benchi ya zitsamba zonunkhira mumsika wa Zomba: chanzi chabwino, gondolosi wokayikitsa

Kuyambira mwezi wa June ndakhala ndikugula zitsamba pa benchi ya mayi ena achikulire mumsika waukulu wa Zomba, ndipo popeza anzanga angapo akhala akundifunsa ngati katundu wawoyo ndi woyenera kutulutsira ndalama, ndaganiza zolemba zimene ndaona. Benchiyo ili mbali imene amagulitsako nyemba, nsinjiro ndi mfutso, ndipo siivuta kuipeza chifukwa fungo limayamba kukulonjerani musanaione. Pamakhala mitolo ya chanzi ndi mpungabwi, timilu ta chidede chouma, tsabola wa kambuzi, mizu ya gondolosi, komanso zikwatu za luni ndi chisoso zokulungidwa m'masamba a masuku monga ankachitira agogo athu.

Tsiku loyamba ndinapitako ndi chimfine, pamene chiperoni chinali chitaphimba phiri kwa masiku atatu, ndipo chimene ndinkafuna chinali chanzi. Ndisanatulutse n'komwe ndalama, mayiwo anandifunsa ngati thupi linkatentha kapena kuphwanya, kenaka anati, "Bambo, ngati mukumva kuzizidwa ndi litsipa, yambani mwakayezetsa magazi kuchipatala. Chanzi si LA ayi." Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kuti ndibwererenso, pakuti ogulitsa zitsamba ambiri amakuuzani kuti katundu wawo amachiza nthenda iliyonse kuyambira malungo mpaka shuga, ndipo anthu ena afika kuchipatala mochedwa chifukwa chokhulupirira malonjezo otere.

Chanzi chawo ndi chabwino zedi. Masamba ake amakhala adakali obiriwira ngakhale ali ouma, zomwe zimasonyeza kuti anayanikidwa pamthunzi osati padzuwa lowotcha, ndipo mukatikita tsamba limodzi pakati pa zala, fungo longa la mandimu limatsalira m'manja mpaka mukafike kunyumba. Ndinagulapo chanzi kwa mnyamata wina woyenda nacho mumsewu, chomwe chinali chofiirira ndi chodzaza timitengo, ndipo tiyi wake ankangomveka ngati madzi a udzu. Cha pa benchiyi n'chosiyana kwambiri: masamba ochepa m'kapu ya madzi owira, n'kuvundikira kwa mphindi zisanu, amatulutsa tiyi wachikasu wowawirako pang'ono, amene amatsegula mphuno ndi kufewetsa pakhosi. Sindinganene kuti chimfinecho chinatha chifukwa cha tiyiyo, chifukwa chimfine chimatha chokha, koma usiku umenewo ndinagona osatsokomola kwambiri. Ena amachiwiritsa pamodzi ndi masamba a bulugama n'kufundira nthunzi yake m'bulangeti, monga anthu ambiri ankachitira mu 2021 pamene Covid-19 inavuta.

Pali chifukwa china chimene ndimakondera kugula chanzi kwa munthu wochidziwa m'malo mokathyola ndekha. Chitsambachi, chimene akatswiri a zomera amachitcha Lippia javanica, chimafanana masamba ndi lantana, chomera chobwera chimene chadzaza m'mphepete mwa misewu ndi mitsinje, ndipo lantana ndi wapoizoni moti amadwalitsa ng'ombe. Zikachita maluwa kusiyanitsa n'kosavuta, popeza a chanzi ndi ang'onoang'ono otuwira pamene a lantana amasakaniza mitundu yowala, koma masamba okhaokha angapusitse munthu wakutauni ngati ine. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi pankhani imeneyi, chifukwa likulu la National Herbarium and Botanic Gardens, bungwe la boma losunga ndi kufufuza zomera, lili mumzinda momwe muno, ndipo munda wake wa zomera, umene unayambitsidwa mu 1891 m'nthawi ya Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda, udakalipo m'tsinde mwa phiri kwa aliyense wofuna kuphunzira maonekedwe a zomera ndi maso ake.

Mpungabwi ndinayamba kuugula posachedwapa, udzudzu utayamba kuchuluka. Ndinaika masamba ake pamakala a mbaula pakhonde madzulo, ndipo udzudzu unachepadi kwa kanthawi, koma utsi utangozilala unabwereranso ngati kuti unangopita kukaitana anzake. Choncho ndi wothandiza pocheza panja, koma salowa m'malo mwa neti. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti ungakome mu ndiwo. Mayiwo ataseka maganizo angawo, ndinaponyabe masamba atatu mu matemba a ku Chilwa ophika ndi tomato, ndipo anachotsa fungo la nsomba bwino lomwe, zomwe sizodabwitsa poti mpungabwi ndi wa banja limodzi ndi basil amene amagulitsidwa modula m'masitolo. Mukachulutsa umawawa ndi kuphimba kukoma konse kwa ndiwo. Chidede ndi kambuzi zilibe vuto, koma sizikuposa za pa mabenchi ena.

Dandaulo langa lalikulu lili pa gondolosi. Muzu weniweni umanunkhira ngati vanila, ndipo mukautafuna umayamba kuwawa kenaka n'kutsekemera, n'chifukwa chake ena amauthira mu tiyi kapena kuutafuna pofuna kudzutsa chilakolako cha chakudya, kupatula ntchito ina ija imene abambo amaugulira monong'ona. Mtolo woyamba umene ndinagula unali wotero ndithu. Wachiwiri unali wa timizu toonda ngati chingwe, ndipo pafupifupi theka lake linalibe fungo lililonse. Nditabwerera nawo, mayiwo sanakane. Anafotokoza kuti chanzi ndi mpungabwi amathyola okha ndi adzukulu awo, koma gondolosi amapikula kwa anyamata ochokera kutali, ndipo anandipatsa mtolo wa chanzi m'malo mwake. Ndinayamikira chilungamocho, komabe wogulitsa amene amadziwa fungo la tsamba lililonse akanayenera kununkhiza mizuyo asanaiike pa benchi. Kuonda kwa mizuyo kukusonyezanso kuti okumba sakudikiranso kuti chomeracho chikhwime, ndipo popeza kukumba muzu ndi kupha chomera chonse, gondolosi akusowa m'nkhalango zambiri.

Kasungidwe nakonso kakufunika kukonza. Masamba osinja amaikidwa m'timapepala tapulasitiki topanda dzina kapena tsiku limene anayanikidwa, ndipo ndi chinyontho cha kuno ku Zomba, kapepala kamodzi ka chidede kanachita nkhungu patangotha sabata ziwiri. Muyezo wake umangonenedwa pakamwa kuti "kadzanja kamodzi", ngati kuti manja a anthu onse ndi ofanana. Kwa munthu wamkulu wathanzi amene akungomwa tiyi, zimenezi sizoopsa kwenikweni, koma mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, kapena munthu amene ali pa mankhwala a BP kapena ma ARV ayenera kuyamba wafunsa kuchipatala.

Mtengo ndi wabwino, popeza mtolo wa chanzi umene umandikwanira sabata zitatu sufika pa mtengo wa buledi mmodzi. Ine tsopano ndimapita m'mawa nditatenga botolo langa lagalasi louma bwino, ndimasankha masamba athunthu osati osinja, ndipo muzu uliwonse ndimauthyola kaye n'kuununkhiza. Mayiwo andiuza kuti chanzi chimene chatsala pa benchi n'cha chaka chathachi, ndipo chatsopano adzayamba kuyanika mvula ikadzakata.