Frontend kwina, API kwina: njira zitatu zoikira app pa intaneti

Pa laputopu zonse zimayenda bwino. Frontend (mbali yomwe wogwiritsa ntchito amaiona mu browser) ya React kapena Vue ili pa localhost:5173, API (pulogalamu ya pa seva yopereka deta) ya Express kapena Laravel ili pa port yake, Vite ikutumiza kumeneko chilichonse choyamba ndi /api. Mutu umayamba kuwawa kasitomala akanena kuti mumupatse link yoti atumizire anthu ake pa WhatsApp.

Tisanayerekeze, tigwirizane pa chinthu chimodzi. Mukalemba npm run build, chomwe chimatuluka mu folda ya dist ndi mafayilo wamba: index.html imodzi, ndi JavaScript ndi CSS zingapo. Mafayilo amenewa safuna Node kuti agwire ntchito, amangofuna wowapereka kwa browser. Yomwe imafuna kompyuta yoyaka usana ndi usiku ndi API. Choncho funso lalikulu si lakuti kampani yabwino ndi iti. Funso ndi lakuti browser ya wogwiritsa ntchito idzaona adiresi imodzi kapena ziwiri. Mavuto ambiri omwe anzathu amadandaula nawo amachokera pamenepa.

Njira yoyamba ndi yoti API yomweyo izipereka mafayilo a frontend. Mu Express ndi express.static yolozera ku dist, mu Django ambiri amagwiritsa ntchito WhiteNoise, mu Laravel mumaika mu folda ya public. Deploy ndi imodzi, adiresi ndi imodzi, za CORS (malamulo a browser pa mapempho opita ku adiresi ina) palibe. Kwa app ya mu ofesi, yogwiritsidwa ntchito ndi anthu makumi awiri, palibe chifukwa chofunira zoposa apa. Kuipa kwake ndi kwakuti mukangosintha mtundu wa batani, mukukhudzanso seva ya API, ndipo API ikagwa, ngakhale tsamba lonena kuti "pepani, yesaninso" silituluka.

Njira yachiwiri ndi VPS (seva yobwereka pa intaneti) yanuyanu yokhala ndi pulogalamu yolandira mapempho, Nginx kapena Caddy, kutsogolo. Nginx imapereka mafayilo a mu dist yokha, ndipo ikaona pempho loyamba ndi /api imalipititsa kwa API yomwe ili mkati mwa makina omwewo, pa 127.0.0.1:3000 mwachitsanzo. Kunja browser imaona adiresi imodzi basi. Mizere yofunika ndi yochepa: proxy_pass pansi pa location /api/, ndi try_files $uri /index.html pansi pa location /. Mzere wachiwiriwu musauiwale. Popanda iwo, munthu akatsegula tsamba loyamba n'kudina mpaka kufika pa /maoda/45 zonse zimayenda, koma akangochita refresh amalandira 404, chifukwa pa seva palibe fayilo yotchedwa maoda/45. Adiresi imeneyo imadziwika ndi JavaScript yokha, ndipo JavaScript singadzuke index.html isanabwere. Chenjeraninso ndi kamzere kopendekeka kumapeto kwa proxy_pass: kakakhalapo, Nginx imadula /api/ isanatumize pempho, kakapanda kukhalapo imatumiza njira yonse momwe ilili. Kachinthu kakang'ono kotere kamatha kudyera munthu madzulo onse.

Mtengo wake si woopsa. Ku DigitalOcean makina ang'ono kwambiri amayambira pa madola 4 pamwezi, ndipo Hetzner nayo imadziwika ndi kutchipa. Koma ntchito yonse ndi yanu. Satifiketi ya HTTPS ya Let's Encrypt imafuna kukonzedwanso isanathe, ndiye certbot iyenera kukhala ikuyenda bwino. Apa Caddy imaposa Nginx chifukwa imatenga ndi kukonzanso satifiketi yokha. API ikafa pakati pa usiku, systemd kapena PM2 ndiyo iidzutse. Firewall, ma update a Ubuntu, ma backup a database, zonsezo palibe wina wokuchitirani. Amene sanakhudzepo Linux adzavutika sabata zoyamba, koma zomwe aphunzire pamenepo zidzamuthandiza pa ntchito ina iliyonse.

Njira yachitatu ndi yomwe ma tutorial ambiri amaonetsa: frontend ku Netlify, Vercel kapena Cloudflare Pages, API ku Render, Railway kapena Fly.io. Kukoma kwake n'koonekeratu. Mukachita git push, patangopita kanthawi tsamba latsopano lili pa intaneti, HTTPS yaikidwa kale, mafayilo akuchokera pa CDN, ma seva omwazikana m'maiko ambiri kuti mafayilo azichokera pafupi. Pull request iliyonse imapeza link yake yoti muonetse kasitomala musanaphatikize. Kwa frontend yokha, sindikuona chomwe chingapose zimenezi.

Vuto ndi lakuti tsopano adiresi zakhala ziwiri, ndipo browser siikhulupirira mlendo. Imakhala ngati mlonda wa pageti yemwe salola munthu kulowa asanafunse mwini nyumba. Pempho lililonse lokhala ndi Authorization, kapena lotumiza JSON, kapena la PUT ndi DELETE, limatsogoleredwa ndi lina la OPTIONS lofunsa chilolezo. API iyenera kuyankha ndi Access-Control-Allow-Origin yoyenera. Ambiri akatopa amangoika nyenyezi (*) kuti aliyense aloledwe, koma nyenyeziyo siigwira ngati mukutumiza ma cookie, tizidziwitso tomwe browser imasunga, monga toonetsa kuti munthu walowa kale. Pamenepo muyenera kutchula adiresi yeniyeni ya frontend ndi kuwonjezera Access-Control-Allow-Credentials. Ndipo ulendo wowonjezera wa OPTIONS si waulere. Ngati wogwiritsa ntchito ali ku Mzuzu pa bando ya foni, API ili ku Frankfurt, pempho limodzi lasanduka maulendo awiri opita ku Ulaya ndi kubwerera. Access-Control-Max-Age imachepetsako, chifukwa browser imasunga yankho, ngakhale Chrome siisunga kupitirira maola awiri.

Za ma cookie ndiye zimapweteka kwambiri. Tsamba likakhala pa netlify.app, API pa onrender.com, browser imaona cookie ya login ngati ya munthu wachitatu. Kuyambira 2020 Chrome imatenga cookie yopanda chizindikiro ngati SameSite=Lax, ndiye muyenera kulemba SameSite=None ndi Secure. Mukatero pa Chrome zitheka, koma Safari, browser ya pa iPhone, inatsekereza kotheratu ma cookie oterewa chaka chomwecho. Zotsatira zake ndi zomwe ambiri tazionapo: pa Android login ikuyenda, bwana wa iPhone akalowa akungobwezedwa pa tsamba la login. Ena amathawira ku kusunga token mu localStorage. Zimagwira, koma JavaScript iliyonse yoipa yomwe yalowa pa tsambalo ikhoza kuiwerenga, pomwe cookie ya HttpOnly siiwerengeka.

Pali njira ziwiri zochotsera minga imeneyi osasiya Netlify kapena Vercel. Yoyamba ndi kugula domain yanu n'kuika tsamba pa app.dzinalanu.com, API pa api.dzinalanu.com. CORS ikhalapobe chifukwa ma adiresi awiriwa ndi osiyanabe, koma ma cookie ayenda chifukwa browser imaziona ngati za pa site imodzi. Yachiwiri, yomwe ndimaikonda koposa, ndi kuuza Netlify kuti ichite ntchito ya Nginx ija. Mu fayilo ya _redirects mumalemba mzere wotumiza /api/* ku adiresi ya API yanu ndi 200 kumapeto, pansi pake /* /index.html 200. Dongosolo lake ndi lofunika: wa API ukhale pamwamba, chifukwa lamulo loyamba kugwirizana ndi lomwe limatsatidwa. Ku Vercel zomwezi zimalembedwa ngati rewrites mu vercel.json. Browser ikuonanso adiresi imodzi, CORS yatha, iPhone yalowa. Mtengo wake ndi wakuti pempho limadutsa kaye kwa iwo, ndipo proxy yotere ili ndi malire a nthawi, choncho siyenera lipoti lotenga nthawi yaitali kapena WebSocket. GitHub Pages ilibe zimenezi n'komwe. Ngakhale vuto la refresh lija amalizemba ndi kukopera index.html kukhala 404.html. Ngati app yanu ili ndi login sindingakulangizeni kupita kumeneko.

Za ulere tinene zoona. Heroku inathetsa dongosolo lake laulere mu November 2022, ndipo anthu ambiri anasamuka mothamanga. Ku Render, API yaulere imagona ikakhala mphindi 15 osalandira pempho, ndipo kudzuka kwake kumatha kutenga pafupifupi mphindi yathunthu. Poonetsa ntchito ya kusukulu palibe vuto. Koma ngati API yanu ikudikira uthenga wotsimikizira malipiro a Airtel Money kapena Mpamba, kugona kumeneko kukhoza kusiya kasitomala atalipira koma oda yake isanalembedwe. Pamene padutsa ndalama za anthu, lipirani seva yosagona. Ndikudziwa kuti kwa ife kuno kulipira madola pa khadi ya banki si nkhani yophweka chifukwa cha kusowa kwa forex, ndipo ichi n'chifukwa china chomwe VPS imodzi ya mtengo wodziwika mwezi ndi mwezi imandikomera kuposa mabilu atatu osinthasintha.

Ngati ogwiritsa ntchito anu ali kuno kumwera kwa Africa, ganiziraninso komwe API ikhale. CDN imafupikitsa mtunda wa mafayilo okha, koma deta imachokerabe komwe kuli seva. AWS ili ndi malo ake ku Cape Town kuyambira 2020, Azure ndi Google Cloud ali ku Johannesburg. Database ikhale pafupi ndi API, osati kutsidya lina la nyanja.

Zinthu ziwiri zimaluma posatengera njira yomwe mwasankha. Chilichonse choyamba ndi VITE_ chimalowa mu JavaScript pa nthawi ya build, ndipo aliyense wotsegula DevTools akhoza kuchiwerenga. Key yachinsinsi ya malipiro ikhale ku API basi. Chachiwiri ndi cache, kusunga mafayilo komwe browser imachita kuti isawatengenso. Mafayilo okhala ndi hash (zilembo zomwe zimasintha fayilo ikasintha) m'dzina lawo asungidwe ngakhale chaka, koma index.html ikhale ndi no-cache. Mukapanda kutero, wina adzatsala ndi index.html yakale yofunsa mafayilo omwe munawachotsa, n'kungoona tsamba loyera.

Ndiye ndisankhe iti? App ya mu ofesi, ndimalola API ipereke zonse. Ntchito ya kasitomala wolipira, yomwe ndidzaisamalire ndekha, ndimatenga VPS ndi Caddy. Tikakhala gulu, frontend ikusintha tsiku ndi tsiku, ndimapita ku Netlify kapena Vercel, koma lamulo la /api ndimalilemba tsiku loyamba lomwelo, ndipo mu code ya frontend ndimalemba fetch ya /api/maoda popanda dzina la seva. Mwakutero, tsiku lomwe tidzafune kusamukira kwina, tidzasintha mzere umodzi wa proxy, frontend osaikhudza.