Kutumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Joni: Mukuru, Hello Paisa, Mama Money kapena wabasi?

Ine ndine telala ku Mayfair kuno ku Joni, ndipo mwezi ukamatha foni imalira kuchokera ku Machinga. Amayi akufuna ya feteleza, mphwanga akufuna fizi. Anzanga ogulitsa masamba ku Yeoville ndi osamalira maluwa m'mayadi a ku Randburg nkhani yawo ndi yomweyi, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona pa njira zinayi zomwe ndayesapo.

Ndiyambe ndi Mukuru, poti ndi yomwe aliyense amaidziwa. Kulembetsa amafuna pasipoti ndi chithunzi cha nkhope yako. Oda umatha kuipanga pa WhatsApp, akupatsa nambala, iwe n'kukalipira kashi pa tilu ya Shoprite, PEP kapena Boxer. Kwa ife opanda akaunti ya kubanki ya kuno, zimenezi n'zofunika kwambiri. Kumudzi wolandira amapita ndi chiphaso cha unzika pa kanyumba kawo kaolenji aja, n'kulandira ndalama m'manja. Kwa munthu wamkulu yemwe mabatani a foni amamusokoneza, palibe njira yoposa iyi. Vuto lake ndi mtunda. Amayi anga kuti akafike pa kanyumbako amakwera kabaza kenako minibasi, tsiku lonse latha, ndipo pobwerera amangirira ndalama pa nsonga ya chitenje mtima uli phaphapha.

Hello Paisa ndi Mama Money ndimaziika pamodzi chifukwa kagwiridwe kake n'kofanana: uli ndi app pafoni, umaona mtengo wosinthira usanalipire. Ndimazikonda potumiza ndalama zochepa molunjika ku foni ya wolandira. R300 ya sopo ndi mchere ikalowa mu Airtel Money, mphwanga amangoyenda kupita kwa ejenti wa pa msika wapafupi. Koma dziwani kuti ejenti amadula yake potapa, ndipo masiku ena amakuuzani kuti alibe kashi, mubwere mawa. N'chifukwa chake ndimawauza kuti asamatape zonse. Mayunitsi a magetsi a ESCOM, ma bando ndi zina angathe kulipira pafoni pomwepo, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba.

Pa makampani atatuwa musamangoyang'ana ndalama yomwe alemba pamwamba kuti adula potumiza. Lowetsani ndalama imodzimodzi m'onse atatu tsiku lomwelo, muone kuti kumudzi kufika makwacha angati. Wina amadula zochepa koma mtengo wake wosinthira ndi wotsika, ndipo wopambana sabata ino sakhala yemweyo sabata yamawa. Ine mafoni anga ali ndi zonse zitatu.

Tsopano wabasi, ndipo apa ndiye pali mkangano weniweni. Chichokereni pomwe Reserve Bank of Malawi inatsitsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa mtengo wa kubanki ndi wa mumsewu sikunathe. Munthu wonyamula katundu pa basi amakulonjeza makwacha ochuluka pa randi yomweyo kuposa makampani ovomerezeka. Munthu wolandira R200 pa tsiku la ganyu akamva zimenezo, simungamudzudzule akakopeka. Nanenso ndinakopeka. Ndinapereka R2,000 ya malata kwa bambo wina amene ndinkamudziwa kutchalitchi, pamodzi ndi chikwama cha zovala. Basi imadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, ulendo wa masiku awiri kapena atatu. Chikwama chinafika. Ndalama inafika theka patapita masabata asanu, ndipo ndinalibe kapepala kalikonse koti n'kuonetsa munthu. Ndikanakadandaula kuti, poti malonda omwewo ndi osaloledwa?

Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo ankanena kuti gawo la malipiro awo a kumgodi linkasungidwa kuti akalandire atafika kwawo ku Nyasaland. Iwo sankasankha. Ife tili ndi mwayi wosankha, ndipo ine ndasankha chonchi: makina osokera, mabulangete ndi matayala a njinga zimapita pa basi, chifukwa foni singanyamule katundu. Ya feteleza, yomwe ndi yambiri ndipo imafunika nthawi yake mvula isanagwe, ndimatumiza pa Mukuru, n'kuuza mphwanga awaperekeze amayi. Zing'onozing'ono za pamwezi zimapita ku foni.

Gulu lathu la chipereganyu, anthu 8 ochokera ku Machinga ndi ku Mangochi, nalonso tinagwirizana kuti aliyense akapereka aziponya chithunzi cha risiti pa gulu la WhatsApp. Mwezi wathawu inali nthawi ya mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi Park Station, ndipo yonse anaitumiza kwawo tsiku lomwelo kuti akagulire njerwa.