Galimoto ya hayala yotsikira ku Mua kudzera pa Khwekhwerere

Amayi akhala akudandaula kwa zaka zingapo kuti akufuna akaonenso ku Mua miyendo isanawakane. Kwawo ndi ku Bembeke, koma ukwati wawo ndi malemu bambo anakadalitsira ku tchalitchi cha ku Mua. Kagalimoto kanga ndi koyendera muno mu Lilongwe basi, pa chitunda cha ku Area 18 pomwe kamachita kulira, ndiye mu Julaye ndinachita hayala galimoto ya dizilo pamodzi ndi dalaivala wake ku kampani ina yaing'ono ya m'tauni muno. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene si zokoma.

Tinagwirizana masiku awiri, makilomita 200 pa tsiku, mafuta ogula ndekha, chakudya ndi malo ogona a dalaivala kwa ine. Anati galimoto ifika 6 koloko m'mawa. Inafika 8 itadutsa, thanki ili pafupi kuuma, ndipo wa ku ofesi sanayankhe foni mpaka nditaimba kachinayi. Amayi anali atavala kale chitenje chawo cha amayi a mpingo kuyambira mbandakucha, atakhala pakhonde chikwama chili pamiyendo. Ndinakwiya kwambiri.

Adalaivala anali bambo wachikulire, wa imvi za apo ndi apo. Anatsika, nagwada pang'ono popereka moni kwa amayi, kenaka asanakweze katundu anatsegula kumbuyo nkuyamba kupapasa tayala la sipeya. Linali lophwa. Jeke analipo koma chogwirira chake panalibe. Anandiuza mosabisa kuti galimotoyo inabwera usiku kuchokera ku ulendo wina ndipo palibe anaiyang'ana. "Mayi, tichedwe ola lina pano kusiyana nkukagona pa phiri," anatero. Tinadzera kopopetsa matayala, chogwirira jeke anakabwereka kwa mnzawo. Apa mpamene mtima wanga unayamba kutsika.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo palibe chachilendo kupatula maenje ndi malole. Tisanalowe m'tauni adalaivala anafunsa ngati tinaonako zojambula za pa miyala za ku Chongoni. Ine ndinangozimva kusukulu. Anakhotera msewu wafumbi wopita ku Chentcherere, ndipo apa mpamene galimoto yaitali inaonetsa ntchito yake, kanga kakanasiya bampala pamenepo. Dera lonse la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambulazi ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira amati anajambula Akafula, zoyera ndi za Achewa, zambiri zokhudza chinamwali. Amayi sanakwere mpaka pa phanga, anatsala m'galimoto, koma nditawaonetsa zithunzi pa foni anangoseka chamumtima nkunena kuti zina mwa izo si zofotokozera pamaso pa abambo. Adalaivala ananamizira kupukuta galasi.

Pa Dedza tinangomwa tiyi ku Dedza Pottery nkupitirira. Kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa, nsonga ya phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, inali itabisala m'chifunga. Ku Bembeke tinagona kwa amalume. Madzulo ake abale anadzaza kumbuyo kwa galimoto ndi kachewere, kabichi ndi nyemba ngati tikupita kukagulitsa ku Lizulu, ndipo adalaivala sanang'ung'udze, anangosanja matumbawo kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi. Chipinda chimene ndinati ndiwalipirire anakana, anagona pabalaza pa amalume atacheza nawo za mitengo ya feteleza mpaka usiku.

Tsiku lachiwiri ndilo ndinalipirira ndalama zonsezi. Pa Masasa mumasiya M1 nkukhotera kum'mawa, msewu wopita ku Golomoti. Poyamba mumadutsa midzi ya pamtunda, minda ya kachewere m'mbali mwa mapiri, ana atafunda zitenje akuothera dzuwa pakhoma. Kenaka dziko limangothera patsogolo panu. Ndiye Khwekhwerere ameneyo: msewu wa tala wokhotakhota ngati njoka, phiri mbali iyi, phompho mbali inayo, ndipo kutali pansi chigwa chonse chili tandale mpaka ku nyanja.

Tisanayambe kutsika anaimitsa galimoto, nazungulira kuona matayala onse. Potsika anaika giya yotsika nkuisiya injini kuti izigwira galimoto yokha, phazi likungogunda buleki pang'ono asanalowe pa kona nkulichotsa. Ndinawafunsa chifukwa chake injini ikulira chonchi. Anati ukapondereza buleki mtsetse wonse, mabuleki amatentha, mafuta ake amatha kuwira, ndipo pofika pa kona yachikhumi umaponda phazi nkungolowa pansi popanda chogwira. Sitinapite patali tinamva fungo lake lenilenilo, ngati rabala yopserera, kuchokera ku lole ya matumba imene inaima pambali, anyamata ataika miyala kunsi kwa matayala. Pa makona osaoneka kutsogolo ankaliza hutala. Minibasi ina itatithamangira kumbuyo anaipatsa mpata pamalo otambasuka, osapikisana nayo.

Chimene ndinawakondera koposa nchakuti amadziwa poima. Malo oimika galimoto bwinobwino pa mtsetse umenewu ndi ochepa, ndipo mlendo amawazindikira atawadutsa kale. Iwo anatiimitsa kawiri. Pamalo achiwiri chifunga chinali chitayera, nyanja ikuoneka ngati lata lonyezimira. Amayi, amene anagwira kolona kuyambira pa Masasa, anatsika nkuima chete nthawi yaitali. Kenaka anati kale ankatsika mapiri amenewa wapansi ndi amayi awo, atasenza nyemba zokasinthanitsa ndi nsomba.

Pofika pa Golomoti majuzi onse tinali titavula. Kumtunda mapaini, kuno malambe ndi kutentha, zonsezi m'mawa umodzi. Kuchoka apo mumalowa M5 kulowera ku Salima, ndipo pasanapite nthawi pali kamsewu kokwera ku Mua. Mishoniyi anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a za chikhalidwe a KuNgoni anawatsegula Bambo Claude Boucher mu 1976. Mu nyumba ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za Gule Wamkulu zochuluka zedi. Ine ndikanatha tsiku lonse mmenemo. Amayi anangofuna tchalitchi chawo, ndipo adalaivala anawagwira dzanja pokwera masitepe ine ndili kalikiliki ndi foni.

Tinabwerera kudzera ku Salima kuti tisakwerenso phiri madzulo. Mawa lake ku ofesi anandipatsa bilu yokhala ndi ndalama ya makilomita owonjezera. Iwo anawerengera tsiku lililonse palokha, pamene ine ndinamva kuti ndi 400 pa masiku onse awiri, ndipo pa pepala limene ndinasaina sizinalembedwe bwino. Tsiku loyamba sitinafike pa 200, lachiwiri tinapyola. Tinakangana mpaka anachotsako theka, koma za maola awiri amene anandichedwetsa sanafune nkumva komwe.

Mukafuna ulendo ngati uwu, auzeni alembe pa pepala mmene akuwerengera makilomita, muone sipeya ndi jeke ndi maso anu galimoto isanachoke, ndipo mufunse ngati dalaivala anatsikapo Khwekhwerere. Ku kampaniyo ndingabwerereko pokhapokha atandilonjeza bambo omwewo. Nambala yawo ndinatenga. Amayi anawapatsa thumba limodzi la kachewere, ndipo akufunsa kale ngati bambo aja amaudziwanso msewu wa ku Livingstonia.