Khadi lija ankati ndi laulere, landidya miyezi itatu

Abale anga amene mukumanga katundu wa ulendo wakunja, za pasipoti ndi viza mukuzidziwa kale, sindikutayitsani nthawi. Ine ndabwera ndi nkhani ya kakhadi ka ku banki kamene mwakabisa m'chikwamako, kamene mukuti mukakafika muzikangolowetsa m'makina ndalama n'kumatuluka. Kanga kanandidya miyezi itatu mwakachetechete ngati chiswe, ine ndili phee, ndikumati moyo wa kuno ndi wodula basi.

Tsiku lotenga khadilo, mnyamata wa pakauntala anandiuza akumwetulira kuti limagwira ntchito dziko lililonse ndipo sadula kanthu. Zogwira ntchitozo sananame. Zosadulazo ndinaziona nditakhala pansi ndi sitetimenti usiku wina tulo titasowa. Akaunti yanga inali ya madola. Tsiku lina ndinatapa ndalama za kuno zofanana ndi madola 200, koma mu akaunti munachoka madola 226. Ndinawerenga kawiri, ndinapukuta maso, chiwerengero chili chomwecho.

Madola 26 amenewo anadyedwa ndi pakamwa panayi. Mwini makina anatenga 5, ndipo iyeyu yekha ndi amene anandichenjeza pagalasi ndisanadine. Banki yanga inatenga 4 chifukwa chongotapira kunja, kaya watapa zambiri kaya zochepa. Inabweranso n'kudula 3 peresenti ya ndalama yonse, omwe ndi madola 6, poti khadi lagwira ntchito m'dziko lina. Madola 11 otsalawo ndi amene amandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinawapereka ndekha ndi chala changa.

Tamverani bwino pamenepa. Makina ambiri, ngakhale timakina tolipirira m'masitolo ndi m'mahotela, akazindikira kuti khadi ndi lachilendo amafunsa ngati ukufuna kulipira mu ndalama ya khadi lako kapena ya dziko lomwe uli. Amakuonetsa chiwerengero cha madola chooneka bwino, batani lake lalikulu, nthawi zina n'kulembapo kuti palibe komishoni. Mlendo ndani angakane kuona ndalama imene waizolowera? Ukangovomera, wosintha ndalamayo sakhalanso banki yako kapena Visa kapena Mastercard, makampani oyendetsa makadi aja, amakhala mwini makinawo pa mtengo wodziikira yekha. Dzina lake amati dynamic currency conversion. Kwa ine anawonjezera 5.5 peresenti, ndipo pa makina ena a pabwalo la ndege ndinaona ndi maso anga akupitirira 10 peresenti. Kumayiko a European Union, kuyambira 2020 lamulo limawakakamiza kulemba poyera kuti awonjezera zingati pamwamba pa mtengo wosinthira wa banki yawo yaikulu, European Central Bank. Amalembadi, koma munthu uli ndi mzere kumbuyo kwako, chilankhulo chachilendo, chikwama ukuchiyang'anira, ungawerenge timalemba tating'ono? Yankho ndi limodzi: kanani, lipirani mu ndalama ya dziko lomwe mwaimamo. Makina akakufunsaninso kachiwiri ngati mukutsimikiza, tsimikizani, sakukukondani ayi.

Amene khadi lanu lili mu ndalama yosadziwika kwambiri pa msika wa dziko lapansi, funso limeneli mwina simudzaliona, koma musasangalale. Kawirikawiri ndalama yanu imasinthidwa kawiri, kuchoka pa ya kuno kupita pa dola, kuchoka pa dola kupita pa ya kwanu, ndipo banki imabisa phindu lake mu mtengo wosinthirawo osalemba mzere uliwonse woti tadula.

Amene ananditsegula m'maso anali mayi wina wachikulire wogwira ntchito pa nthambi ya banki kuno. Ndinapita ndi mkwiyo wanga wonse, ngakhale banki yake sinali yolakwa. Anandikhazika pansi, natenga lisiti langa n'kumalemba kuseri kwake ndalama iliyonse kumene yapita. Ndinayembekezera kuti tsopano andigulitsa akaunti yodula ija ya pachikwangwani, yolipira mwezi ndi mwezi. Iye anangoti, "Bambo, inu simukuyenda m'ndege sabata iliyonse, imeneyo si yanu. Tsegulani wamba, malipiro azilowera momwemo, muzitapa pa makina athu." Anandionetsanso kuti Visa ndi Mastercard ali ndi tsamba pa intaneti pomwe munthu ungaone mtengo wosinthira wa tsiku lomwe unagula, n'kuyerekeza ndi zimene banki yakudula. Kusiyana kwakeko ndiye mtengo weniweni wa khadi lako. Pa anthu onse ovala mataye amene ndakumana nawo pa nkhani ya ndalama, woona mtima anali yekhayo.

Koma mutu wanga ndi wouma. Anzanga a kuntchito atandiuza za makadi otsegula pa foni, osunga ndalama za mayiko angapo, ndinathamangira. Ndisaname, mtengo wosinthira unali wabwino kuposa wa banki yanga yakale. Chimene sanandiuze n'choti kutapa kwaulere kunali ndi malire pamwezi, ukapitirira ayamba kudula 2 peresenti. Chachikulu chinabwera nditaikamo malipiro onse a mwezi: anatseka akaunti masiku 10 ati akufuna umboni wa komwe ndikukhala ndi kumene ndalama ikuchokera. Kulibe ofesi yoti ukagogode, umangolemberana ndi kompyuta yokuuza kuti udekhe. Lendi sadziwa kudekha. Ndinabwereka kwa mnzanga mwamanyazi. Khadi lotere ndi labwino kuyendera, osati kusungira moyo wako wonse.

Za khadi la ngongole ndingonena mwachidule: osatapira ndalama, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, kuphatikiza ndalama yodula pa kutapako. Ntchito yake ndi ku hotela ndi kobwereka galimoto, kumene amagwira ndalama yachikole. Akaigwira pa khadi wamba, ndalama yanu yodyera imatha kukhala yomangika masabata, inu mutatuluka kalekale.

Musanakwere, funsani banki yanu zinthu izi ndipo akupatseni zolembedwa, za pakamwa zimauluka: amadula maperesenti angati pogula kunja, zingati potapa, amagwiritsa mtengo wosinthira wa ndani, malire a tsiku ndi a mwezi ndi otani. Auzeni kuti mukutuluka, apo ayi akhoza kudzatseka khadi poganiza kuti labedwa. Onani tsiku lothera ntchito khadilo. Ndipo kanambala kotsimikizira kaja amakatumiza pa foni, kadzapita ku nambala yakumudzi imene mwaisiyira mlamu wanu. Tengani makadi awiri a mabanki osiyana, musawasunge thumba limodzi.

Tsopano inu otsala kumudzi, amene mumaona zithunzi zathu pa Facebook n'kumati kunja ndalama amachita kutola pansi. Ndinapanga cholakwa chotumiza khadi lachiwiri kwa mng'ono wanga kuti azitapira banja. Zodula zonse zija zimagwiranso ntchito mbali imeneyo, chifukwa kwa khadi la kuno, kwathuko ndi kunja. Iye ankatapa pang'onopang'ono, lero ya ichi, mawa ya icho, maulendo 14 mwezi umodzi, ulendo uliwonse madola 4 kupita. Ankaonanso balansi pa makina m'mawa uliwonse kuti aone ngati achimwene aikamo, osadziwa kuti kuonako nakonso ankadula. Mwezi umenewo banki inadya madola oposa 60, ndalama ya masiku amene ndinaima pa ntchito mpaka miyendo kutupa. Nditamuimbira anandiyankha kuti, "Achimwene, nanga si inu muli kunja?" Khadilo ndinalitseka madzulo omwewo.