LUANAR kwa mwana wa kunyanja: Bunda, NRC kapena ODeL?

Makolo ambiri kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota akamva kuti mwana wasankhidwira ku Bunda, nthungululu zake sizifika pa za mwana amene wapita kukaphunzira udokotala kapena zamalamulo. Amati kulima timalima kale, nanga n'chopitira ku yunivesite? Ife maganizo amenewa sitigwirizana nawo. Pa mayunivesite onse a boma, LUANAR (Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources), imene Bunda ili mbali yake, ndi imene imaphunzitsa zinthu zimene zimatidyetsa kuno kunyanja: nsomba, mpunga, chinangwa, mtedza, nzimbe ndi ziweto. Zovuta ilinso nazo, ndipo wolowa chimbulimbuli amaona zakuda chaka choyamba chomwecho.

Kale Bunda inali koleji ya University of Malawi. Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2011 kuti iime payokha, ndipo inayamba kugwira ntchito ndi dzina la LUANAR mu 2012. Pambuyo pake Natural Resources College, ija timangoti NRC, inalowa momwemo. Choncho dzina ndi limodzi koma makomo ndi atatu: Bunda, NRC, ndi maphunziro ochitira kunyumba otchedwa ODeL.

Mtima wa yunivesiteyi uli ku Bunda, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, pamsewu wa ku Mitundu, m'munsi mwa phiri la Bunda. Kuchokera pa Salima boma mumayenda makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, mukafika m'tauni n'kukwera ina ya ku Mitundu. Wochokera ku Nkhotakota kapena Dwangwa amayamba watsika ndi M5, ndiye tsikulo aliwerengere la ulendo basi. Kumeneku ndi kumene kuli minda yoyeserera, makola, malabu a nthaka ndi a zakudya, laibulale yaikulu, komanso sukulu ya madokotala a ziweto. Madigiri ambiri amatenga zaka zinayi, pamene ya udokotala wa ziweto imatalikirapo.

Chimene timachiyamikira kwambiri ndi gawo la nsomba. Ku Bunda kuli maiwe ophunziriramo ndiponso likulu la kafukufuku la AquaFish, limene linakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank ndipo kumabwera ophunzira a masters ndi PhD ochokera m'mayiko ena a mu Africa. Mwana wokulira ku Senga Bay kapena ku Chia amadziwa kusiyanitsa chambo, makumba, chilunguni ndi mlamba asanalowe m'kalasi, koma kuweta ndi nkhani ina. Kumeneko amaphunzira kuti dziwe la mamita 20 mulitali ndi 10 mulifupi, mukaika nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse, limalandira ana a nsomba 600. Amaphunzira chifukwa chake makumba amapinimbira: amayamba kuswana akadali aang'ono, dziwe limadzaza, chakudya chimachepa, ndipo pokolola mumangotulutsa tinsomba ngati zala. Mankhwala ake ndi kuweta zazimuna zokhazokha kapena kumapatula ana. Amaphunziranso kuyeza manyowa a m'dziwe ndi dzanja: mukamiza mkono mpaka m'chigongono chikhatho n'kuyamba kubisika, madzi abiriwira mokwanira. Mukapyola pamenepo mpweya umachepa usiku, ndipo m'bandakucha mumapeza nsomba zili yasa pamwamba. Chimodzi choti wophunzira wa kuno asaiwale n'chakuti ku Bunda kumazizira, ndipo nsomba zimenezi zimachedwa kukula madzi akazizira. Zotsatira za maiwe a kumeneko asazitenge monga zilili n'kukaziika pa dziwe la ku Lifuwu, kumene madzi amakhala ofunda miyezi yambiri.

A zakudya ndi mbewu nawonso ali ndi zogwirika. Chitsanzo ndi chuku cha mtedza. Ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, osadziwa kuti chinyezi chimenecho ndicho chimakulitsa chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kutsekereza mtedza wathu kumisika ya kunja. Poizoniyo saoneka ndi maso ndipo kukazinga sikumuchotsa. Wophunzira amene waona zotsatira zake mu labu amakalankhula ndi alimi a ku Chitala ali ndi umboni m'manja.

NRC ili kumadzulo kwa mzinda, ndipo mbiri yake yagona pa madipuloma: ulimi, zaumoyo wa ziweto, ulimi wothirira, zamasamba ndi zipatso, kadyedwe. Alangizi ambiri amene mumawaona m'ma EPA (maofesi a zaulimi a m'madera) anadutsa kumeneko. Mwana amene mapointi ake sanamufikitse ku digiri asaione ngati yotsalira. Ntchito yamanja imachuluka, ndipo wa dipuloma akagwirako ntchito amatha kudzapitiriza digiri.

ODeL ndi ya anthu amene ali kale pantchito kapena sangachoke pakhomo nthawi yaitali. Imayenda bwino pa maphunziro monga ulangizi, bizinesi ya ulimi ndi zachuma cha ulimi, amene safuna labu tsiku ndi tsiku. Musanalembetse werengerani zinthu zitatu: bandulo ya mwezi uliwonse, laputopu (kulemba asayimenti yonse pafoni kumatopetsa ndipo matebulo amasokonekera), ndi ndalama ya thiransipoti ndi pogona nthawi ya mayeso. Amene amagwa pa ODeL kawirikawiri si opanda nzeru ayi, koma amene amaunjika mamojulo mpaka sabata yomaliza.

Pa kalowedwe ndi pamene ana a kuno amataya mwayi popanda chifukwa. Kusankhira ana ku mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Kirediti imathera pa 6, ndiye 7 pa Chingerezi imatseka khomo ngakhale zina zonse zili bwino. Komanso pulogalamu iliyonse imayang'ana maphunziro akeake. Mwana amene wapeza mapointi abwino chifukwa cha Chichewa, Bible ndi Social koma Masamu, Biology ndi Chemistry zili pamalire, asadzaze fomu yonse ndi mapulogalamu a sayansi opikisanirana kwambiri. Asakanize: imodzi yapamtima pake, zinazo zogwirizana ndi magiredi amene ali nawo. Aonetsetsenso kuti dzina la pa satifiketi likufanana ndi la pa chiphaso cha unzika, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumachedwetsa zinthu, makamaka pofunsira ngongole ya maphunziro ku Loans Board. Ngongoleyo si mphatso, imadzabwezedwa, ndipo si onse ofunsira amene amaipeza. Banja likhale ndi poyambira pa miyezi yoyambirira.

Chotidandaulitsa chachikulu ndi malo ogona. Monga zilili m'mayunivesite ena a boma, ophunzira achuluka kuposa mahositelo, choncho ambiri amachita lendi m'nyumba zozungulira sukulu. Makolo, musalipire nyumba pongomva pafoni. Pitani kapena tumani wachibale akaone chitseko ndi loko, chimbudzi, kumene madzi amatungidwa, ngati magetsi ali ndi mita yakeyake, ndi mtunda wokafika ku kalasi, makamaka kwa mwana wamkazi amene azichoka ku laibulale usiku. M'chikwama musaiwale bulangete lolemera, juzi ndi magambutsi, pakuti Juni ndi Julaye wa ku Bunda amamuzunza mwana wozolowera kutentha kwa kunyanja. Makalasi a chaka choyamba amakhalanso aakulu, ndipo mphunzitsi sangathe kulondola aliyense. Wofooka pa Masamu ndi Chemistry apeze gulu lowerengera limodzi sabata yoyamba yomweyo.

Ikafika nthawi ya atachimenti ndi kafukufuku wa chaka chomaliza, mwana wa kuno asalimbirane maofesi a ku Lilongwe. Ku Lifuwu kuli malo a kafukufuku wa mpunga, ku Chitala kuli a mbewu za m'madera otentha, ku Senga Bay kuli a nsomba, ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe yothirira, ndipo wa zankhalango ndi nyama ali ndi Nkhotakota Wildlife Reserve. Kalata yopempha malo ailembe semesita isanathe, chifukwa malo amenewa amatenga anthu ochepa, ndipo akapezeka pafupi ndi kwawo ndalama ya lendi ipite ku zipangizo za kafukufuku.